Mwana Woimba Aphunzire Chitchaina, Koma Ayambire pa Chichewa

M'kalasi lathu la Chichewa kuno ku Syokimau muli mtsikana wina wa Giredi 5 amene anabadwa ndi khutu lakuthwa. Nyimbo akaimva kamodzi m'matatu pochokera kusukulu, pofika pakhomo amakhala ataigwira yonse, mawu ndi maimbidwe omwe. Kukwaya ya ana kutchalitchi, anzake akasochera iye ndiye amawabwezera m'njira. Tsiku lina anaperekeza amalume ake kusiteshoni ya sitima yopita ku Mombasa. Kumeneko anamva alendo awiri a ku China akucheza. Sanatolepo tanthauzo la liwu ndi limodzi lomwe, koma atabwerera kunyumba anayamba kuwatsanzira, mawu ake akukwera ndi kutsika monga momwe ankachitira eni akewo. Aphunzitsi a kusukulu yake ya masiku onse atamumva, anamulembetsa m'kagulu ka ana ophunzira Chitchaina.

Masabata oyambirira zinthu zinayenda bwino. Kenaka changu chinayamba kuzirala. Zilembo zinachuluka, kuloweza kunatopetsa, ndipo mtsikanayo anandiuza kuti: "Aphunzitsi, ine ndimangofuna kuimba basi." Amayi ake nawonso anali ndi nkhawa yawo. Anabwera Loweruka lina titaweruka, nakhala pansi, nati: "Aphunzitsi, mwanayu Chichewa chomwe chimamuvuta. Agogo ake akaimba foni kuchokera ku Dedza, iye amayankha m'Chiswahili. Nanga Chitchaina n'cha chiyani? Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada."

Mawu a mayiwa ndawalingalira masiku ambiri, pakuti ndi mawu a kholo lokonda mwana wake. Komabe maganizo anga ndi awa: mwana amene ali ndi luso la nyimbo apitirize Chitchaina, achiyeserere tsiku ndi tsiku, ndipo poyambira pake pakhale pa Chichewa. Ndikufuna kukufotokozerani zifukwa zake, ana inu, popeza mwina mtsikana ameneyu akufanana ndi wina mwa inu.

Chichewa nachonso chimaimba

Tiyambe ndi chiganizo ichi: "Mtengo wa mango wagwa." Kodi chikutanthauza chiyani? Wina anganene kuti mphepo yagwetsa mtengo umene timathyolamo mango. Wina anganene kuti mango atchipa kumsika. Papepala mawuwa ndi amodzi, koma pakamwa pa agogo anu ndi osiyana. Akamanena za mtengo womera, liwu lawo limakwera pa phatikizo la "te". Akamanena za mtengo wogulira chinthu, liwu limayenda pansi mpaka kumapeto. Chimodzimodzi ndi mawu akuti "khungu". Likakwera liwu poyamba, tikunena khungu la pathupi. Likapanda kukwera poyambapo, tikunena vuto la kusaona. Ngakhale mneni amasintha nthawi potengera kamvekedwe kake: "ndimaimba" angatanthauze kuti kuimba ndi chizolowezi changa, kapena kuti ndinali kuimba posachedwapa.

Tsono Chichewa ndi chilankhulo chimene tanthauzo la mawu limadalira kukwera ndi kutsika kwa liwu. Zilankhulo zambiri za mu Africa zili chomwecho. Chikamba chimene amalankhula eni dera lino chili chomwecho, Chikikuyu ndi Chiluo nazonso. Koma Chiswahili ndi Chingerezi, zimene mumalankhula kusukulu tsiku lonse, sizisiyanitsa mawu mwa njira imeneyi. Choncho mwana amene amamva Chichewa pakhomo ali ndi chuma chimene mwana wodziwa Chingerezi chokha alibe. Khutu lake linazolowera kale kuti kanyimbo ka liwu kamanyamula tanthauzo.

Mmene Chitchaina chimamvekera

Ku China kuli zilankhulo zambiri, koma chimene chimaphunzitsidwa m'sukulu ndi Mandarin, ndipo ndicho tikuchitcha Chitchaina m'nkhani ino. Anthu oposa 900 miliyoni anayamwira chilankhulo chimenechi, kuposa china chilichonse padziko lapansi. M'Chitchaina phatikizo lililonse lili ndi kamvekedwe kake, ndipo mamvekedwe akuluakulu alipo anayi. Koyamba liwu limakhala pamwamba osagwedezeka, monga woimba akagwira noti imodzi. Kachiwiri limakwera, monga munthu akamafunsa modabwa. Kachitatu limatsika kenaka n'kukweranso. Kachinayi limagwa msanga, monga kholo likamaletsa mwana kugwira moto.

Tengani phatikizo la "ma". Mukalinena pamwamba, mā, mwati amayi. Mukalikweza, má, mwatchula chomera chopangira zingwe. Mukalitsitsa ndi kulikwezanso, mǎ, mwati hatchi. Mukaligwetsa, mà, mwati kukalipira. Onani ngozi yake: munthu wosasamala akhoza kuwatcha amayi ake hatchi! Pamsika napo pamafunika tcheru, chifukwa mǎi ndi kugula pamene mài ndi kugulitsa. Patebulo, tāng ndi msuzi pamene táng ndi shuga.

Kusiyana kwake ndi Chichewa n'kwakuti ife kwenikweni timagwiritsa ntchito masitepe awiri, lapamwamba ndi lapansi, pamene Atchaina amapinda liwu mkati mwa phatikizo limodzi. Anthu ambiri achikulire amene amaphunzira Chitchaina amagwa mphwayi pomwepa. Amamva mā ndi mà ngati mawu amodzi. Mtsikana wathu uja anazisiyanitsa tsiku loyamba, pakuti khutu lake linasulidwa kawiri, ndi nyimbo komanso ndi Chichewa cha amayi ake chimene amachimva ngakhale sachiyankha bwino.

Zimene akatswiri anapeza

Nkhani imeneyi akatswiri anaifufuzapo. M'chaka cha 2007, Patrick Wong, Nina Kraus ndi anzawo a payunivesite ya Northwestern ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo. Anatenga anthu osadziwa Chitchaina, ena ophunzira nyimbo kwa zaka zambiri, ena osaphunzira. Onse anawamvetsera mawu a Chitchaina uku akupima mmene ubongo wawo ukutsatira kukwera ndi kutsika kwa liwu. Anapeza kuti ubongo wa oimba unkatsatira bwino kuposa wa anzawo aja.

M'chaka cha 2006, Diana Deutsch ndi anzake anayerekeza ophunzira a pasukulu yaikulu ya nyimbo ya ku Beijing ndi a pasukulu ya nyimbo ya Eastman ku America. Ankafuna kuona amene angatchule dzina la noti pongoimva, popanda chowathandiza. Luso losowali linapezeka kwambiri mwa ophunzira olankhula Chitchaina. Kafukufuku wa magulu awiriwa akutilozera ku mfundo imodzi: nyimbo ndi chilankhulo zimamwa pachitsime chimodzi. Ndiye mtsikana amene akuti "ndimangofuna kuimba basi" adziwe kuti mphindi zimene akutchera khutu ku Chitchaina sakuzibera nyimbo. Akunola mpeni womwewo.

Palinso zina zimene woimba angakondwere nazo. Makwaya athu amalemba nyimbo ndi malembo d, r, m, f, s, l, t. Ku China ambiri amalemba ndi manambala, kuyambira 1 mpaka 7, ndipo 1 ndiye "do", 2 ndiye "re", mpaka kumapeto. Mwana wa kwaya angawerenge kalembedwe kameneka m'masiku ochepa. Ali ndi choimbira chotchedwa erhu, cha nsambo ziwiri, chimene amachikwecha ndi uta monga kaligo wa kwathu. Ali ndi guzheng, wa nsambo 21 zoyalidwa pathabwa, amene angakukumbutseni bangwe. Woimba wodziwa chilankhulo cha eni zoimbirazi angathe kukhala pansi ndi mphunzitsi wake n'kumva malangizo popanda womasulira.

Kuno ku Kenya komwe tili ndi chitsanzo cha munthu amene nyimbo zinamutsegulira chilankhulo. Eriko Mukoyama, mayi wa ku Japan, anakakhala kumudzi ku Siaya kuti aphunzire nyatiti, choimbira cha nsambo zisanu ndi zitatu cha Aluo. Anaphunzira kuimba m'Chiluo, ndipo lero amadziwika ndi dzina lakuti Anyango. Ngati iye anachoka kum'mawa kudzaphunzira za kuno, chingaletse mwana wa Chichewa kuphunzira za kum'mawa n'chiyani?

Chifukwa chake Chitchaina, ndiponso kuno

Wina angafunse kuti: bwanji osasankha chilankhulo china? Yankho lili panja pa zenera lanu. Akamba amasimba kuti dera lino linatchedwa dzina la mlosi wamkazi, Syokimau, amene analosera kuti kudzabwera njoka yaitali yolavula moto ndi utsi. Njokayo inali sitima yapamtunda. Lero siteshoni yaikulu ya njanji yatsopano ya ku Mombasa ili konkuno. Sitima ya Madaraka Express inayamba kuyenda pa 31 Meyi 2017, ndipo njanjiyo inamangidwa ndi kampani ya ku China. Msewu wa Nairobi Expressway, woyambira ku Mlolongo, unamangidwanso ndi Atchaina ndipo unatsegulidwa mu 2022.

Ubale umenewu sunayambe dzulo. Zaka zoposa 600 zapitazo zombo za Zheng He zinafika kugombe la kum'mawa kwa Africa, ndipo nyamalikiti wochokera ku Malindi anakaperekedwa kwa mfumu ya ku China. Pakati pa 1970 ndi 1975, Atchaina, Atanzania ndi Azambia anamanga limodzi njanji ya TAZARA, yotalika makilomita 1,860, kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi. Dziko la Malawi linakhazikitsa ubale ndi boma la ku Beijing kumapeto kwa 2007, ndipo Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe komanso bwalo la masewero la Bingu zinamangidwa ndi thandizo la dzikolo. Amalonda ambiri a ku Lilongwe, Lusaka ndi Nairobi amapita ku Guangzhou kukaoda katundu.

Mwayi wophunzira nawo uli pafupi. Sukulu yoyamba ya Confucius Institute mu Africa muno inatsegulidwa payunivesite ya Nairobi mu 2005. Boma la Kenya linaika Chitchaina pamndandanda wa zilankhulo zakunja zimene sukulu zikhoza kuphunzitsa, pamodzi ndi Chifalansa, Chijeremani ndi Chiarabu. Chitchaina ndi chimodzi mwa zilankhulo zisanu ndi chimodzi za bungwe la United Nations, limene lili ndi likulu lake la mu Africa ku Gigiri, mumzinda wa Nairobi.

Ena amaopa kuti kuphunzira chilankhulo cha dziko lamphamvu ndiko kuligwadira. Ine ndikuona mosiyana. Munthu amene sakumva zimene anzake akukambirana patebulo ndi amene amagulitsidwa akumwetulira. Wodziwa chilankhulo amawerenga yekha pangano asanasaine, amakana pofunika kukana, ndipo amalankhulira anthu a kwawo. Maiko athu akufunika ana awo enieni amene angakhale pa zokambirana zotere atatsegula makutu onse awiri.

Tibwerere kwa amayi aja

Kodi nkhawa ya amayi aja ndi yopanda pake? Ayi ndithu. Chilankhulo chimene sichilankhulidwa chimafota ngati mbewu yosathiriridwa. M'mabanja ambiri okhala kunja, agogo amalankhula Chichewa, makolo amasakaniza, ana amangomva, ndipo zidzukulu sizimva n'komwe. Zikatero mwana amapita kumudzi n'kukhala ngati mlendo pakhonde la agogo ake. Samva nthano, sadziwa chifukwa chimene anthu akusekera, ndipo pamaliro kapena paukwati amangoyang'ana pansi. Kumeneko ndi kutaya kwakukulu, ndipo Chitchaina chochuluka bwanji sichingalipire.

Koma tifunse bwino: chimene chikukankha Chichewa m'nyumba zathu n'chiyani? Mtsikana uja anayamba kuyankha agogo ake m'Chiswahili asanamve liwu limodzi la Chitchaina. Chichewa chinachepa chifukwa pakhomo anthu anasiya kumufunsa kuti ayankhe m'Chichewa. Atasiya Chitchaina lero, mphindi zimenezo sizingapite kwa agogo a ku Dedza. Zingapite ku wailesi yakanema.

Mutu wa mwana suli ngati mtsuko umene ukadzaza madzi ena amatayika. Inu nomwe ndinu mboni. Mumaphunzira m'Chingerezi, mumasewera m'Chiswahili, pena mumaponyamo Sheng, ndipo Loweruka muli pano. Simusokoneza aphunzitsi a masamu ndi kondakitala wa matatu. Chilankhulo chilichonse chimangofuna malo ake, nthawi yake ndi munthu wolankhula naye. Pusi wa m'mwambi uja anagwa chifukwa anasiya nthambi imene anagwira asanagwire ina. Mwana wathu asasiye nthambi ya Chichewa. Aigwiritsitse, kenaka atambasule dzanja linalo.

Ndiye ndinawayankha mayiwo kuti: "Mayi, pakhomo panu pakhale pa Chichewa. Pa chakudya chamadzulo mwana alankhule Chichewa, ngakhale chothyokathyoka. Akalakwitsa musamuseke, ingobwerezani mawuwo molondola. Chitchaina chikhale ndi mphindi zake, monga momwe kwaya ilili ndi tsiku lake."

Luso lopanda khama

Tsopano ndilankhule ndi iwe mwana woimba. Luso lako lili ndi msampha wake. Popeza nyimbo umazigwira msanga, unazolowera kuti zinthu zizibwera zokha. Ukakumana ndi chinthu chofuna thukuta, umaganiza kuti si chako. Khutu lidzakuthandiza kumva mamvekedwe anayi aja, koma silidzakulembera zilembo. Chitchaina sichilembedwa ndi a, e, i, o, u. Chili ndi zilembo zakezake, ndipo kuti munthu awerenge nyuzipepala amafunika kudziwa pafupifupi 3,000. Zina n'zosavuta chifukwa zinachokera ku zithunzi: 人 ndi munthu, 山 ndi phiri, 木 ndi mtengo, ndipo mitengo iwiri, 林, ndi nkhalango. Zambiri zimafuna kulemba mobwerezabwereza. Mwamwayi, kuyambira mu 1958 pali kalembedwe kotchedwa pinyin, kogwiritsa ntchito malembo amene ukuwadziwa kale, kothandiza oyamba kumene kutchula mawu.

Dziwanso ichi: kuimba kokha sikukwanira. M'nyimbo zambiri za Chitchaina maimbidwe a nyimboyo amaphimba mamvekedwe a mawu, moti mā ndi mà akhoza kuimbidwa mofanana. Nyimbo idzakuthandiza kuloweza mawu ndi kufewetsa lilime, koma uyenera kulankhulanso, ndi kulola aphunzitsi akukonze.

Pali zina zimene zidzakupepukira. Mneni wa Chitchaina sasintha ngati wathu. Ife timati ndikudya, ndinadya, ndidzadya, tinadya. Iwo mneni amakhala yemweyo, amangowonjezera mawu osonyeza nthawi. Alibenso magulu a mayina ofuna kuti unene "mwana wabwino", "chipatso chabwino", "nyumba yabwino". Amene wakwanitsa Chichewa wakwera kale phiri lalitali.

Nanga uyeserere bwanji? Mphindi 15 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a tsiku limodzi pasabata. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Yamba ndi kumvetsera mawu asanu, uwabwereze ukujambula kamvekedwe kake m'mwamba ndi dzanja, monga amachitira wotsogolera kwaya. Pempha foni ya amayi, udzijambule mawu, umve pamene walakwitsa. Lemba zilembo zitatu, chilichonse kakhumi. Ndipo m'kope lako ugawe tsamba pawiri: kumanzere liwu la Chitchaina, kumanja liwu la Chichewa. Usadutsire m'Chingerezi. Ukapeza kuti shuǐ ndi madzi, huǒ ndi moto, ndipo liwu lina la Chichewa sukulidziwa, kafunse amayi kapena agogo. Potero zilankhulo ziwirizi zidzakulira limodzi ngati chimanga ndi nyemba m'munda umodzi.

Kwa makolo ndinene kuti m'mera mpoyamba, koma mbewu siikokedwa kuti ikule msanga. Musamuumirize mwana ndi ndodo, ndiponso musamusandutse chionetsero choti aziimirira pamaso pa alendo nthawi zonse. Khalani naye pafupi, mumufunse kuti akuphunzitseni liwu limodzi, ndipo mulole akusekeni mukatchula hatchi m'malo mwa amayi. Mwana amene wapatsidwa mpata wophunzitsa kholo lake saiwala phunzirolo.

Kwa inu ena amene simuimba, musadzione ngati otsalira. Khutu limanoledwa ndi ntchito, ndipo aliyense womva Chichewa ali nacho kale poyambira. Muzimulimbikitsa mnzanu, osamunena kuti akudzionetsera. Mutu umodzi susenza denga, ndipo chilankhulo sichiphunziridwa ndi munthu ali yekha.

Mtsikana uja anabwerera m'kagulu kake. Amadandaulabe ndi zilembo, ndipo masiku ena kope limagona osatsegulidwa. Koma Lamlungu lapitali, agogo ake ataimba foni, anawayankha kuti: "Ndili bwino, agogo, kaya inu?" Kenaka anawauza kuti ku China mwana amaitana mayi wake kuti māma. Agogowo anaseka, nati: "Ndiye kuti nawonso ndi anthu ngati ife tomwe." Anacheza nthawi yaitali, ndipo zonse zinali m'Chichewa.

Madzulo ano mukafika kunyumba, pemphani munthu wamkulu anene kuti "mtengo wa mango wagwa" m'njira zonse ziwiri. Tsekani maso, mutchere khutu, mumve pamene liwu lakwera. Mukasiyanitsa, dziwani kuti phunziro loyamba la Chitchaina mwalikhoza, ndipo amene wakuphunzitsani ndi Chichewa.